Mkanjo Wopanda Kunja ndi Mkati

Ufumu wa Gonjerani musavutike nawo kuufunafuna pa mapu. Munthu amene anajambula mapu omaliza anauchepetsako pang'ono poyerekeza ndi maufumu oyandikana nawo, ndiye anamutumiza ku phiri la Sudzabwera kukaphwanya miyala, ndipo chichokereni iye luso lojambula linathera pomwepo. Koma ufumuwo ulipo. Uli ndi likulu lake lotchedwa Chetechete, msika wake waukulu wa Nong'onezani, ndi mfumu yake, Sindilakwa Wachitatu, imene chibadwire sinalakwepo, monganso bambo ake ndi agogo ake.

Mu Chetechete munkakhala loya wina, Mayi Elube Kamtedza, woimira anthu oimbidwa milandu. Ntchitoyi abale ake sankaitchula pagulu. Wina akafunsa pa maliro kuti, "Kodi mwana wa a Kamtedza uja amagwira kuti?" azakhali ake ankangoti, "Ali m'tauni," n'kuyamba kudandaula za mvula. Mayiyo anali ndi zaka makumi asanu, mawondo olira ngati chitseko chakale, ndi mkanjo umodzi wakuda wa kukhoti umene unayamba kale kufiira m'mapewa. Analinso ndi malamulo akeake awiri osalembedwa paliponse: khoti salinamiza, ndipo chimene munthu wake wamuuza m'chitolokosi chimathera m'makutu mwake. Kwa zaka makumi awiri malamulo awiriwa ankagona mphasa imodzi osakangana. Anadzawayambanitsa ndi Nduna ya Chilungamo Chachangu, a Mwatero.

A Mwatero mlandu wochedwa unkawadwalitsa mutu. "Munthu tamugwira Lolemba, Lachisanu tikadali kufunsa mboni?" ankatero. "Nanga tinamugwiriranji ngati sitikudziwa kuti ndi wolakwa?" Choncho anaitanitsa msonkhano wa anthu anzeru ku nyumba yachifumu, kuti akambirane za udindo wa loya. Mayi Kamtedza anaitanidwanso kudzaimira maloya. Anawapatsa mpando wa pafupi ndi khomo, ndipo gawo lawo pa msonkhanowo linali kuomba m'manja.

Woyamba kuimirira anali Pulofesa Ambirife. "Chabwino ndi chimene chikukomera anthu ambiri," anatero akukonza magalasi. "Wogwidwa ndi mmodzi, osagwidwa ndi mamiliyoni. Loya akaulula chinsinsi cha munthu wake, alira ndi mmodzi yekhayo, enafe tigona tulo tabwino. Ndawerengera kawiri, yankho likutuluka lomwelo."

"Ine za kuchuluka kwa anthu ndilibe nazo ntchito," anadula Dokotala Osapsatira, mdani wa Pulofesa wa kalekale. "Udindo ndi udindo. Bodza ndi bodza, ngakhale likhale lopulumutsa mayi ako okubereka. Ndipo kukhala chete uku ukudziwa ndi bodza lomwelo, langovala jekete. Loya aulule."

Wanzeru wachitatu, mkulu woona za makhalidwe, anachita kumugwedeza kuti adzuke. Anapukuta pakamwa, nati munthu wa umunthu sakhala mphasa imodzi ndi wakuba, n'kubwerera ku tulo take.

Zinali zokhudza mtima ndithu. Akuluakulu amenewa anatha zaka makumi atatu ku sukulu ya ukachenjede osapatsana moni, koma tsiku limenelo aliyense anadzera njira yake n'kukapezana pa khonde limodzi, lomwe a Mwatero anali atawasesera kale. Mayi Kamtedza chinawawawa. Anafuna kufunsa kuti munthu amene akudziwa kuti loya wake akamuulula adzauza ndani zoona, ndiponso kuti tsiku limene mmodzi wa mamiliyoniwo wagwidwa, adzamuimira ndani. Anakweza dzanja.

"Mayi," anatero a Mwatero akumwetulira, "dzanja limodzi siliomba m'manja. Kwezani lachiwirilo."

Madzulo ake wailesi inalengeza Lamulo la Msoko. Loya aliyense amene munthu wake wavomera kwa iye kuti mlandu anaupalamuladi, azilowa m'khoti atavala mkanjo motembenuza, misoko ili kunja. Jaji akaona misoko, agamule basi. Loya wovala mkanjo bwinobwino uku akudziwa kuti munthu wake ndi wolakwa ndiye kuti wanamiza khoti, ndipo akaphwanya naye limodzi miyala ku Sudzabwera.

Lamulolo linagwira ntchito kuposa mmene mwini wake ankayembekezera. Maloya anaona kuti kuvala bwino n'kudziputira ngozi, ndiye anayamba kutembenuza mikanjo akadali kunyumba, ena asanaione n'komwe nkhope ya munthu wawo. Milandu inkatha tiyi asanazizire. Ku Nong'onezani anthu anayamikira chitukukocho monong'ona, monga mwa chizolowezi chawo. "N'zoona," anatero mayi wina wogulitsa tomato. "Inenso abambo akunyumba akabwera malaya atatembenuza, sindiitanitsa mboni."

Nanga Mayi Kamtedza? Tisawakometsere: anachita mantha. Anauza anthu kuti mawondo awavuta, natseka ofesi miyezi itatu. Mkanjo anaupinda, nauika pansi pa sutikesi.

Ndiye kunabwera tsiku lotsegulira mjigo wa ku Mwamwakale. Mjigowo madzi unalibe, koma imeneyo sinali nkhani. Madzi anachita kutunga m'ndowa n'kuthira pozungulira kuti paoneke ponyowa. Mfumu inafika, kumbuyo kwake kuli Lufeyo Sandalamu, amene ntchito yake inali yoigwirira ambulera. Inagwira chitsulo chopopera, n'kupopa ndi mphamvu zonse za ufumu. Chitsulocho chinazuka. Zimene zinatsatira, ife amene tili ndi mabanja sitingazinene. Chimene tinganene n'chakuti pakati pa chete wa anthu zikwi zitatu panamveka kuseka kwa munthu mmodzi.

A Mwatero, mwachangu chawo chija, analemba mlandu pomwepo ataimirira: Lufeyo Sandalamu, kuseka mfumu itagwa, gawo 14, chilango chake moyo wonse ku Sudzabwera. Ola limodzi litadutsa, nyumba yachifumu nayo inalengeza pa wailesi kuti mfumu sinagwe, koma inakhala pansi modzichepetsa kuti imve mavuto a nthaka, ndipo aliyense wonena kuti inagwa apita ku phiri lomwelo. Mauthenga awiriwa sanakumane pa njira.

M'mawa mwake Mayi Kamtedza anapeza mzimayi woyembekezera, mimba ili pafupi kutha, atakhala pa khonde lawo. Anali Nagama, mkazi wa Lufeyo. Sanalire, sanagwade. Anangoti, "Amayi, maloya onse ndapitako. Onse atembenuza kale. Mwanayu akadzabadwa ndidzamuuza kuti bambo ake anapita chifukwa cha mano awo?" Ndipo anakhalabe pomwepo mpaka mawondo a loya anachira.

M'chitolokosi Mayi Kamtedza analowa atakonzeka kumutseka pakamwa munthuyo, poti chimene sunamve sichikukakamiza kutembenuza mkanjo.

"A Lufeyo, musanayankhule chilichonse..."

"Mayi, ndinaseka."

Mayiwo anatseka maso.

"Ndinayesetsa, mayi. Ndinaluma mlomo, ndinaganiza za maliro a bambo anga. Koma nditaona nsapato ya bwana ili m'mwamba, chitsulo achikumbatira ngati alandira mphoto, zinangophulika zokha. Zaka khumi ndi ziwiri ndawagwirira ambulera, dontho la mvula silinawagwerepo. Ndakuuzani chifukwa kwa sing'anga subisa pamene pakupweteka." Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye mawa muvala bwanji?"

Pakhomo msilikali wolondera anatsokomola, kutsokomola kwa munthu amene wamva zonse. Mayi Kamtedza anatuluka. Akavala bwino, anamiza khoti, ndipo msilikaliyo alipo. Akatembenuza, apereka ndi manja awo munthu amene wawakhulupirira. Malamulo awo awiri aja tsopano anali atagwirana pakhosi, ndipo mtima wawo unali wolemera kwambiri.

Anakatulutsa mkanjo m'sutikesi, nalowera ku Nong'onezani, akudziuza kuti akungofuna kukaikitsa chigamba paphewa. Telala wawo, a Kenala, ankasokera pa khonde la golosale, pakati pa ogulitsa makala ndi okonza njinga. Anali ndi mulu wa mikanjo yakuda pambali.

"Ntchito yachuluka, a Kenala?"

"Tikuthokoza boma, mayi. Maloya akubweretsa kuti ndiwakongoletsere misoko ya mkati, poti ndiyo ikuonekera masiku ano. Wina dzulo amati ndimusunthire thumba. Inunso nditero?"

Mayi Kamtedza anakhala pa benchi, akuyang'ana singano ikukwera ndi kutsika. "Tandiuzani. Chovala chimadziwika bwanji kuti uku ndi kunja, uku ndi mkati?"

"Msoko basi. Nsalu ilibe mlandu."

"Nanga msokowo utapanda kuoneka mbali zonse ziwiri?"

A Kenala anaimitsa phazi. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, kenako anayambanso kupalasa makina mwamphamvu kuti asokosere. "Zimatheka," anatero osadzutsa mutu. "Umadula mikanjo iwiri ya nsalu imodzi, n'kuiphatikiza msana ndi msana. Misoko imakhala pakati, ngati nkhani za m'banja. Koma mutuluka thukuta, mayi. Uno ndi Okutobala."

"Ukhala utatha mawa m'mawa?"

"Chiyani? Ine sindinamve kanthu. Makina angawa ndi aphokoso."

M'mawa mwake khoti linadzaza mpaka m'mawindo. Popeza mlandu unakhudza mfumu, woimira boma anali a Mwatero eni ake. Jaji Malizani analowa kapu ya tiyi ikumudikira kale pambali. Anayang'ana Mayi Kamtedza pamwamba pa magalasi monga ankachitira ndi maloya onse, cholembera chili m'manja. Anayang'ananso. Anawaitana pafupi, anawauza kuti atembenuke, kenako kuti avule mkanjowo auvale mbali inayo. Mayiwo anamvera mwaulemu. Mbali inayo inali chimodzimodzi.

"Mayi Kamtedza, mkanjo wanu mwauvala bwino kapena motembenuza?"

"Ndauvala, bwana jaji."

"Munthu wanu anakuuzani chiyani?"

"Zimene munthu amauza loya wake. Lamulo likuti muyang'ane misoko, silikuti muyang'ane m'kamwa mwanga."

"Ndiye mukuti ndi wosalakwa?"

"Sindinatero."

"Ndi wolakwa?"

"Sindinateronso. Amene akuti ndi wolakwa ndi boma. Mwini nkhani abweretse umboni."

Liwu loti umboni linali lisanamveke m'nyumbamo kwa miyezi itatu, moti mlembi wa khoti anafunsa kalembedwe kake. Jaji anaimitsa kaye mlandu. Pa nthawi yopumayo a Mwatero, atafiira maso, anakhalira pa masitepe n'kulemba lamulo latsopano loletsa mikanjo yophatikiza, nalisainira pa bondo, kuti liyambe kugwira ntchito mawa lake. Amesenjala nawo anali kalikiliki kuchotsa matsache ndi ndowa m'bokosi loimamo mboni, poti ndimo ankasungira.

Mboni yoyamba inali msilikali wotsokomola uja. Analumbira, nanena monyadira kuti anamva ndi makutu ake Lufeyo akuti, "Ndinaseka."

Mayi Kamtedza anaimirira, thukuta likuyenderera kumsana.

"Achimwene, kuseka pamaso pa mfumu ndi mlandu?"

"Ayi, mayi. Mfumu ikanena nthabwala, osaseka ndiye timamugwira."

"Zikomo. Pepala la mlandu likuti anaseka mfumu itagwa. Inu munamva zonse. Anati anaseka ataona chiyani?"

"Anati ataona nsapato ya mfumu ili..." Msilikaliyo anaima. Kunja kwa windo phiri la Sudzabwera linkaoneka bwinobwino tsiku limenelo.

"Ili kuti, achimwene?"

"Ili kuphazi, mayi."

A Mwatero anatumiza asilikali ku msika kukagwira mboni zina, poti ku mjigo kuja anthu a ku Nong'onezani anawatengera pa malole. Anabwera nazo zisanu. Zinapezeka kuti pa nthawi imene chitsulo chinkazuka, mayi wa tomato uja ankayang'ana mitambo. Wogulitsa makala kachitsotso kanamulowa m'diso. Okonza njinga awiri ankapemphera. Wachisanu anati anaona zonse ndithu, mfumu itakhala pansi modzichepetsa, ndipo misozi inamulengeza mpaka lero.

"Bwana jaji," anatero Mayi Kamtedza, "pepala la boma likuti mfumu inagwa. Wailesi ya boma ikuti sinagwe. Ine ndine munthu wamba, sindingasankhe pakati pa akuluakulu. Asankhe a Nduna."

A Mwatero anayang'ana wotchi. Mlandu unali utadya maola anayi. Maola anayi, mu ufumu umene iwo anauphunzitsa kugamula tiyi asanazizire! Magazi anawakwera kumutu, namenya tebulo.

"Mayi inu musatipusitse ngati ana! Tonse tinalipo! Mfumu inagwa chagada, miyendo m'mwamba, matope mpaka m'khutu! Amene anaidzutsa ndine!"

M'khoti munangoti zii. Ntchentche imene inkazungulira tiyi wa jaji inamveka mpaka kukhomo. Asilikali, amene a Mwatero anawaphunzitsa okha kuti chilungamo sichidikira, sanadikire. Anawagwira mbali ndi mbali chala chikadali m'mwamba.

Jaji Malizani anali munthu wa ana asanu ndi awiri. Anaona kuti akalandira umboniwo ndiye kuti naye wavomera kuti mfumu inagwa. Anapukuta magalasi nthawi yaitali. "Khoti lino silinamve kanthu," anatero. "Popeza mfumu sinagwe, palibe amene akanaseka itagwa. Lufeyo Sandalamu, dzipita kwanu, ndipo usadzasekenso."

Nagama analira tsopano, kulira kumene anakusunga masiku atatu. Lufeyo anafuna kumwetulira, koma anakumbukira, natseka pakamwa ndi manja onse awiri. Mayi Kamtedza anavula mkanjo panja, uli wonyowa ngati wachapidwa. Sanadzimve ngati ngwazi. Ankadziwa kuti mfumu inagwa, ankadziwa kuti munthuyo anaseka. Koma bodza sananene, chinsinsi sanaulule, ndipo mwana adzabadwa bambo ake alipo. Zimenezo zinawakwanira.

Madzulo wailesi inafunsa anzeru aja maganizo awo pa kugwidwa kwa Nduna. Pulofesa Ambirife anati wogwidwa ndi mmodzi, osagwidwa ndi mamiliyoni, ndipo wawerengera kawiri. Dokotala Osapsatira anati kunena zoona ndi udindo, koma pali zoona zina zimene munthu wophunzira amazidziwa kuti ndi bodza. Wa makhalidwe sanapezeke, ankapumula.

Kutacha kunabwera uthenga kuti mkaidi wina akufuna Mayi Kamtedza. Maloya ena onse anali atatembenuza kale. Mayiwo anakhala pa mpando nthawi yaitali akusisita mawondo, amene tsiku limenelo ankapwetekadi. Mkaidiyo anali Nduna ija, munthu amene iwo ankadana naye, ndipo sanadzibisire. Anakumbukira anthu onse amene anakwera phiri m'miyezi itatu ija popanda wowafunsa ngakhale dzina. Choipa chitsata mwini, bwanji osangomusiya chimutsate? Koma pa chitseko cha ofesi yawo sanalembepo kuti amaimira okhawo amene amawakonda. Anatenga chikwama.

Anawapeza a Mwatero m'chitolokosi chomwe chija, lamba atawalanda, atagwira thalauza ndi dzanja limodzi. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula, koma uyu anayesako.

"Mayi Kamtedza... amayi. Mwabwera." Maso awo anali pa chikwama. "Ndisananene kanthu. Mkanjo uja, wadzulo uja, ukadalipo?"

"Ulipo, koma ndi woletsedwa. Lamulo lake munalisainira pa bondo, a Nduna. Layamba lero."

Anatsegula chikwama, natulutsa mkanjo wakale, wofiira m'mapewa uja. A Mwatero anayang'ana misoko yake mmene munthu amayang'anira njoka imene yalowa m'nyumba.

"Ndiye ndikakuuzani zoona, mudzavala bwanji?"

"Funso limenelo ndinafuna kukufunsani tsiku lija. Munati ndikweze dzanja lachiwiri."

A Mwatero anaweramitsa mutu. Mayi Kamtedza anawayang'ana, bambo wamkulu atagwira thalauza, ndipo mkwiyo umene anabwera nawo unayamba kuwathawa, ngakhale iwo ankafuna utakhalabe. Anakhala pa benchi, natsegula kope.

"Khalani pansi, bambo. Chimene mundiuze chithera m'makutu mwanga. Za mkanjo ndi mutu wanga ndi telala wanga. Yambani poyambira."

Nduna ya Chilungamo Chachangu inakhala pansi. Inayang'ana kukhomo kumene msilikali ankatsokomola, inayang'ana pa kawindo kumene phiri linkaonekera, kenako inasendera pafupi n'kunong'ona ngati munthu wa ku msika.

"Amayi, kodi mlanduwu sungachedweko pang'ono?"